Ya kumwezi kapena ya m'madzi?

Mayi a kunyumba akuti kuyambira mwezi wa Malichi m'nyumba mwathu muno ku Matawale mukuzengedwa mlandu umodzi wokhawokha, ndipo woweruza, wodandaula ndi mboni ndi munthu mmodzi yemweyo. Sakunama. Ndakhala ndikudzuka pakati pa usiku, kuyatsa foni, n'kumayang'ana zithunzi za mawotchi awiri ngati mnyamata amene wafunsira mbeta ziwiri tsiku limodzi. Onse ndi a kampani imodzi ya ku Switzerland, ya Omega. Ina dzina lake ndi Speedmaster, inayo Seamaster.

Ndidziulule msanga, chifukwa ndikudziwa kuti ena mwayamba kale kupukusa mutu. Mawotchi amenewa akakhala atsopano, iliyonse imapitirira madola 5,000 a ku America, ndipo Speedmaster ndi yokwererapo kuposa inzakeyo. Ngakhale mutawerengera pa mtengo wa ku banki wa mu 2025 wa K1,750 pa dola, ndalamayo ikudutsa K8 miliyoni. Mukapita kwa anyamata osintha ndalama mumsewu, musachite kufunsa. Ndi ndalama yoti munthu n'kugula puloti kunja kwa tauni, njerwa n'kuumbitsa.

Ine si wabizinesi, si wandale. Ndagwira ntchito yoyeza madzi a m'mitsinje zaka 34, ndipo ndapuma chaka chino nditakwanitsa zaka 60. Ndalama ya penshoni ilibe gawo pa nkhaniyi: inalowa m'malata, mumpanda ndi m'fizi ya mwana wa malemu mchemwali wanga. Imene ndikunenayi ndi ya ganyu amene ndinagwirira bungwe lina lakunja namondwe wa Freddy atadutsa mu Malichi 2023, yoyeza mmene mitsinje inasinthira njira zake. Anandilipira m'madola ndipo sindinawasinthe. Mu Novembala chaka chomwecho kwacha itagwetsedwa ndi 44 peresenti, ndinangopezeka kuti ndachenjera mosadziwa. Zoti ndalama yobwera chifukwa cha tsoka la anthu ithere pamkono panga zimandiluma ndithu, ndipo ine ndi mtima wanga sitinamalize kukambirana. Koma lero nkhani si imeneyo.

Matenda a wotchi ndinatengera kwa malemu bambo anga. Iwo anali kalaliki m'maofesi a boma kuno, nthawi imene mzinda wa Zomba unali likulu la dziko, lisanasamukire ku Lilongwe mu 1975. Anali ndi wotchi ya Roamer, yaing'ono, ya nkhope yotuwa, imene anagula kwa msuweni wawo wochokera ku migodi ya ku Joni. Masiku amenewo munthu wobwera ku Theba umamudziwira njinga, wailesi ndi wotchi, ndipo ndalama zikayamba kutha, choyamba kugulitsidwa chimakhala wotchi. Inalibe batire. M'mawa uliwonse asanamwe tiyi, bambo amakhala pakhonde, kuivula, n'kumapukusa kachitsulo ka pambali ndi chala chachikulu ndi cha mkombaphala, pang'onopang'ono, kufikira katalimba. Kenako amaiika kukhutu atatsinzina. Wailesi ya MBC ikalengeza nthawi, amaitchera, kuivala, n'kupempha tiyi. Ife ana tinkaloledwa kumvetsera, koma kugwira ayi.

Bambo omwewo ndi amene anandiuza za kumwezi. Mu Julaye 1969 ndinali ndi zaka zinayi, sindikumbukira kanthu, koma nkhaniyi anaibwereza kambirimbiri mpaka ndimaiona ngati ndinalipo. Wailesi yakanema kunalibe, kuno inadzafika mu 1999. Iwo ndi anzawo awiri anachezera pa wailesi ya mawu, atafunda mabulangete chifukwa cha kuzizira kwa Julaye wa ku Zomba, kufikira m'bandakucha pamene Neil Armstrong anaponda pamwezi, nthawi yathu ino itatsala pang'ono kukwana 5 koloko. Agogo anga aakazi atauzidwa kutacha anangoti, "Azungu akunamizani. Akanakwerapo bwenzi utapendekeka." Bambo atamwalira, wotchi ija inapita ndi achibale awo pa tsiku logawa katundu. Sindinaionenso. Pagulu sindinadandaule, ndinali mwana wa ulemu. Koma taonani, imvi zadzaza mutu ndikuifunabe.

Ntchito yanga inali ya madzi ndi nthawi pamodzi, ndipo apa ndi pamene pagona vuto lonse. Ukafuna kudziwa kuchuluka kwa madzi amene akudutsa mu Likangala kapena mu Domasi, makina oyezera liwiro atafa kapena atatsala ku ofesi, zimene sizinali zachilendo, umabwerera ku njira yakale. Umasankha pamene mtsinje wawongoka, kuyeza mamita 20 m'mbali mwake, kukhoma zikhomo ziwiri, mnzako n'kuponya lalanje kumtunda. Lalanje ndi labwino chifukwa limamira theka, mphepo siilikankha kwambiri, ndipo limaoneka patali ngakhale madzi ali ofiira ndi matope. Likadutsa chikhomo choyamba umadina, likadutsa chachiwiri umadinanso. Kubwereza katatu kapena kasanu. Kenako kupinda thalauza, kulowa m'madzi ndi ndodo yoyezera kuya, kuchokera tsidya lino mpaka tsidya linalo. Liwiro lija umachulukitsa ndi kukula kwa mpata umene madzi akudutsamo, kuchotserako pang'ono popeza madzi a pamwamba amathamanga kuposa a pansi, basi yankho wapeza. Lalanje amadya ndi amene walivuula.

Zaka zambiri mwa zimenezo pamkono panga panali Casio F-91W, yapulasitiki yakuda ija imene ana asukulu amavala. Ndathapo zitatu, imene ndili nayo ndi yachinayi. Ndipo chilungamo chake n'chakuti pa kusunga nthawi, Casio imeneyi imaposa mawotchi onse awiri amene akundisowetsa tulo. Imatsalira kapena kutsogola masekondi osapitirira 30 pa mwezi. Omega yamakono, yoyesedwa ndi METAS, bungwe la boma la Switzerland loona za miyezo, imaloledwa kutsogola mpaka masekondi 5 pa tsiku. Werengani nokha pa mwezi. Mpikisano umenewu unatha kalekale. Pa Khirisimasi ya 1969, chaka chomwecho cha kumwezi, kampani ya Seiko ku Japan inatulutsa Astron, wotchi yoyamba ya pamkono ya quartz, mtundu woyendera batire ngati Casio ija, kugulitsidwa m'sitolo, ndipo m'zaka zotsatira mafakitale ambiri a mawotchi ku Switzerland anatseka zitseko. Choncho munthu akakuuzani kuti akugula wotchi ya mamiliyoni n'cholinga choti asamachedwe, mungomumwetulira. Kuno kwathu msonkhano wa 9 koloko umayamba alendo olemekezeka akafika, kaya mwavala Casio kaya golide.

Vuto langa linali lakuti mawotchi awiriwa anagawana ntchito yanga pakati. Ina ili ndi podina poyezera masekondi koma madzi imachita nawo manyazi. Inayo ndi ya m'madzi koma podina ilibe.

Speedmaster inatuluka mu 1957, ndipo sanaipangire mwezi ayi. Anaipangira anthu a mpikisano wa magalimoto. N'chifukwa chake m'mphepete mwa galasi muli manambala ozungulira: ukadina poyambira kilomita n'kudinanso pothera, muvi umaloza liwiro la galimotoyo. Ndaganizapo kale zodzayesa minibasi za pa msewu wa Zomba ndi Blantyre, makamaka cha ku Namadzi, koma mwina ndi bwino ndisadziwe. Mbiri yake inasintha pamene bungwe la NASA, la ku America loona za maulendo a mumlengalenga, linkafuna wotchi ya anthu oyenda mumlengalenga. Anatenga mawotchi a makampani angapo, Rolex ndi Longines ali momwemo, n'kuwazunza: kuwatenthetsa mpaka madigiri 93, kuwaziziritsa mpaka madigiri 18 pansi pa ziro, kuwagwedeza, kuwamenyetsa, kuwatsekera mopanda mpweya. Imene inatuluka ikuyendabe bwino ndi Speedmaster, ndipo mu Malichi 1965 anaivomereza. Chaka chimene ndinabadwa. Musandiseke, munthu akamakula tinthu totere timamugwira mtima.

Imene inayenda pamwezi koyamba inali pamkono pa Buzz Aldrin, mnzake wa Armstrong pa ulendo uja. Armstrong yake anaisiya m'chombo chifukwa chowerengera nthawi cha m'menemo chinali chitavuta. Koma nkhani imene imandifika pamtima, ine munthu wa lalanje ndi zikhomo, ndi ya anthu a m'chombo cha Apollo 13, chimene chinkapita kumwezi mu Epulo 1970. Thanki ya mpweya itaphulika ali paulendo, anazimitsa pafupifupi chilichonse kuti asunge magetsi. Kuti awongole njira yobwerera kudziko anayenera kuyatsa injini kwa masekondi 14, ndipo masekondiwo anawerengera pa wotchi ya pamkono. Makina akuluakulu atagona, ntchito inatsalira chala ndi maso. Ntchito imeneyo ndimaidziwa, ngakhale yanga inali ya m'matope a Likangala ndipo ndikalakwitsa palibe amene amasochera mumlengalenga.

Mpaka lero mtundu wa kumweziwu ndi wopukusa ndi manja. Ukaipukusa mpaka kulimba imayenda masiku awiri, ukaiwala imangoima phee. Deti ilibe. Galasi la mtundu wakale si galasi lenileni, ndi pulasitiki yolimba yotchedwa hesalite. Limakandika msanga koma siliphwanyika tizidutswa, chinthu chofunika m'chombo mmene kachidutswa kangathe kumayandama n'kumulowa munthu m'diso. Za madzi, analemba mamita 50. Kusamba m'manja podya nsima kapena kunyowa ndi mvula palibe vuto, koma timabatani tiwiri todina tija ndi makomo a madzi. Ukadina mkono uli m'madzi, wadziputira wekha.

Seamaster ndi mkulu wake pobadwa. Inayamba mu 1948, kampaniyo ikukwanitsa zaka 100 chiyambire Louis Brandt kulumikiza mawotchi ku La Chaux-de-Fonds mu 1848. Luso lake lotchinga madzi linachokera ku mawotchi amene anapangira asilikali a Britain pa nkhondo yachiwiri ya dziko lonse. Banja lake ndi lalikulu, muli Aqua Terra, Planet Ocean ndi ena, koma ine maso anga anali pa Diver 300M, imene inatuluka mu 1993 n'kutchuka mu 1995 Pierce Brosnan ataivala posewera ngati James Bond m'filimu. Ya masiku ano, kuyambira mu 2018, nkhope yake ndi ya ceramic yojambulidwa mafunde, galasi lake ndi la sapphire losakandika wamba, deti lili pamalo pa 6 koloko, ndipo imadzipukusa yokha: mkati muli kachitsulo kolemera kamene kamazungulira mkono ukamagwedezeka. Ukaivula imayendabe maola 55. Maginito siiopa, amaiyesa pa magauss 15,000, muyezo wa mphamvu ya maginito, kotero foni, sipika kapena chitseko cha firiji siziisokoneza. Kachitsulo kotcherera nthawi kamamangidwa ngati nati kuti madzi asapeze polowera. M'mphepete muli mkombero wozungulira wowerengera mphindi, wabwino pophika mazira koma wosathandiza pa lalanje lodutsa mamita 20 m'masekondi ochepa. Ilipo ina ya banja lomweli yokhala ndi podina, koma ndi chimphona cha mamilimita 44, ndinangoiona kamodzi n'kuiiwala.

Ndiye mamita 300 aja. Nyanja ya Chilwa, kumene madzi onse amene ndayeza amakathera, kuya kwake ndi mamita awiri kapena atatu, ndipo ndaiona ndi maso anga itaphwa mu 1995 ndi mu 2018, mabwato ali gone pa matope ong'aluka ku Kachulu. Pambali pa wotchiyi, cha pa 10 koloko, pali kachotupa kena kotulutsira mpweya wa helium. Kameneka ndi ka anthu amene amakhala masiku ambiri m'zipinda zopanikizidwa mpweya, okonza mapaipi a mafuta pansi pa nyanja zamchere. Ku Zomba kuno kangagwire ntchito imodzi yokha, yokola mkono wa shati.

Komabe, tikaika mtima pambali n'kusiya mutu wokha, Seamaster inkapambana paliponse. Zomba ndi dziko la madzi. Juni ndi Julaye chiperoni chimatsika phiri n'kukunyowetsa osadziwa kuti wanyowa liti, Januwale mvula imagwa ngati yakwiyira munthu. Loweruka lililonse ndimakwerabe kuphiri, kudutsa pa damu la Mulunguzi mpaka ku Williams Falls, ndipo chizolowezi choviika mkono mu mtsinje uliwonse umene ndawoloka sichinandichoke. Masiku a Freddy aja ndinalowa m'madzi ofika pachifuwa, buku ndili nalo pamutu. Wotchi yoyenera munthu wotere ndi iti, ngati si yotchipirapo, yolimba, yosafuna kukumbukiridwa? Miyezi iwiri yathunthu ndinkadzuka ndili wa Seamaster, kugona ndili wa Speedmaster. Ichi chakoma ichi chakoma, pusi anagwa chagada.

Mu Meyi ndinapita ku Johannesburg kukaona mdzukulu, pa basi, kudzera ku Mwanza, Tete, Harare ndi Beitbridge, ulendo umene msana wanga sunandikhululukirebe. Mwana wanga wamkazi, amene amagwira ntchito kumeneko, anandiperekeza ku sitolo ina ku Sandton. Pakhomo ndinayamba kukokera m'mbuyo, ndikuyang'ana nsapato zanga. "Adadi, lowani," anatero. "Yesani zonse ziwiri, kuyesa salipiritsa." Onse awiri kukula kwake ndi mamilimita 42, koma pamkono ndi nyama ziwiri zosiyana. Seamaster yabuluu inali yolemera, yonyezimira, nyali iliyonse ya m'sitolomo inkavina pa nkhope yake. Ndi yokongola, zimenezo sindingatsutse. Koma mkono wanga ndi wowonda, wa mitsempha, ndipo inkaoneka ngati ndabwereka kwa mkamwini. Speedmaster itakhala pamkono inangoti zii. Yakuda, yosawala, timizere toyera, ngati chida cha mu labotale. Nditaitembenuza ndinaseka ndekha: kumbuyo kwake anadinda kanyama ka m'nyanja, mutu wa hatchi mchira wa nsomba, chizindikiro cha banja la Seamaster. Wotchi ya kumwezi yabereka nsomba kumbuyo. Wogulitsa anandilola kuipukusa. Kachitsulo kaja kanalira tikitiki pansi pa chala, ndipo ndinapezeka ndaiika kukhutu nditatsinzina, pakati pa sitolo ya anthu. "Adadi," mwana uja anatero, "nkhope yanu yayankha kale." Sindinagule. Ndinakwera basi n'kubwerera ndi mlandu wanga.

Amene anandithandiza kwenikweni ali pamsika wa Zomba pomwepa, pa katebulo ka galasi, madala ena okonza mawotchi amene ndinawapeza pamenepo ndili mnyamata. Masiku ano ntchito yawo yambiri ndi kusintha mabatire ndi malamba, ndi kuwotcherera mawaya a matochi. Nditawaonetsa zithunzi pa foni, sanafunse za mwezi, sanafunse za nyanja. Anachotsa kagalasi kawo pa diso n'kunena kuti, "Bwana, ikadzadwala mudzapita nayo chipatala chiti?"

Miyezi yonseyi funso limeneli sindinadzifunse. Wotchi ya makina ili ngati injini ya galimoto: mafuta ake amauma, timphira totchinga madzi timafota. Eni kampani amati pakapita zaka zisanu mpaka zisanu ndi zitatu iyenera kumasulidwa yonse, kutsukidwa, kuthiridwa mafuta atsopano. Ndinafunsafunsa ku Blantyre ndi ku Lilongwe, onse anandilozera ku Joni. Ndipo Seamaster yamakono, ngakhalenso Speedmaster yatsopano ya kuyambira mu 2021, mtima wake ndi wa mtundu wa co-axial, umene anatulukira mmisiri wa ku England, George Daniels, ndipo Omega anayamba kuuika m'mawotchi ake mu 1999. Ndi luso labwino, limachepetsa kukhulana kwa tizitsulo, koma limafuna mmisiri amene analiphunzira mwapadera ndi zida zake. Komanso wotchi ya m'madzi ikatsegulidwa iyenera kuyesedwanso pa makina opanikiza, apo ayi mamita 300 aja amangotsala zilembo pa nkhope. Apa ndinazindikira kuti chimene chinkandikopa kwambiri pa Seamaster, kusaopa madzi, si chinthu chogula kamodzi. Chimafuna kumakachitsimikiza nthawi ndi nthawi, ndipo kokachitsimikizirako ndi kuseri kwa Beitbridge. Amene amakhala pafupi ndi amisiri sangalione vutoli. Ife a pansi pa phiri tiyenera kuliwerengera mu mtengo.

Madala aja anakweza mkono wawo kundionetsa kawotchi kakale kopanda dzina looneka. "Yangayi ndimaitsuka ndekha. Makina akale salankhula chizungu chambiri." Ndinapita kunyumba n'kukafufuza. Ma Speedmaster a chakumapeto kwa zaka za m'ma 1990 kufika mu 2020 ali ndi makina a nambala 1861, amene ndi 861 wa mu 1968 yemweyo wongosinthidwa pang'ono. Alibe co-axial, ndipo amisiri ambiri odziimira paokha amawadziwa mkati ndi kunja, kotero sukakamizika kugogoda pa khomo limodzi lokha. Madala aja sanandinamize kuti angaimasule okha, anati zida za mawotchi odina alibe ndipo maso anatopa. Koma za galasi lapulasitiki anasangalala. "Likakandika bwerani nayo. Kansalu ndi polishi, mphindi khumi, libwerera mwakale." La sapphire silikandika, zoona, koma likamenya mwala ku Chingwe's Hole pa phiri la Zomba limatha kusweka, ndipo pamenepo kansalu kalibe ntchito.

Mayi a kunyumba anali ndi mfundo ziwiri, zonse zolasa. Yoyamba anainena akupakula phala. "Abambo, inu mankhwala a BP ndimachita kukuikirani pambali pa mbale. Wotchi yofuna kupukusa tsiku ndi tsiku mudzaikumbukira, kapena imeneyonso idzakhala ntchito yanga?" Ndinayankha kuti wotchiyo izidzagona pamodzi ndi botolo la mapilitsi: kupukusa, kumeza. Anandiyang'ana nthawi yaitali n'kunena kuti tidzaona.

Yachiwiri inali ya maso a anthu, ndipo imeneyi sindinaiyankhe msanga. Kwathu ndi ku Jali, ndipo mwezi sutha osapita ku maliro. "Mudzakhala pansi pa mtengo wa mango ndi anthu amene agona ndi njala, chinthu chikuphethira pamkono ngati nyali ya apolisi?" Apa ndi pamene Seamaster inagwera. Osati chifukwa cha mtengo, pakuti wokwera ndi wa Speedmaster, koma chifukwa cha kuwala. Ndikudziwa kuti pamenepa pali kachinyengo: kubisa mtengo si kuuchepetsa, ndipo wanjala uja sakhuta chifukwa wotchi yanga ndi yakuda. Koma pali kusiyana pakati pa kukhala ndi chinthu ndi kuchiwalitsa pamaso pa anamfedwa. Munthu wosadziwa mawotchi akaona Speedmaster amangoona wotchi yakuda ya madala. Wodziwa pang'ono adzati ndi feki, pakuti pamsika pomwepa ma Rolex ndi ma Omega a mtengo wa nkhuku ziwiri ali mbwee. Ndili mnyamata zimenezi zikanandipweteka. Lero ndikuona kuti ndi mlonda waulere. Wakuba sapotokola mkono wa nkhalamba chifukwa cha feki.

Za deti ndinadandaula masiku angapo, poti zaka 34 ndakhala ndikulemba deti pamwamba pa fomu iliyonse. Kenako ndinadzifunsa kuti munthu wopuma ntchito deti akulifuniranji, kupatula tsiku lolowa penshoni, limene foni imandiuza yokha ndi kulira.

Ndasankha Speedmaster, koma osati yatsopano. Ndi yogwirapo kale ntchito, ya mu 2016, makina a 1861, galasi la hesalite, kwa wogulitsa wina wokhazikika ku Johannesburg. Ili ndi bokosi ndi makadi ake, nambala ya pa wotchi ikufanana ndi ya pa khadi, ndipo pali lisiti losonyeza kuti inatsukidwa chaka chatha. Pa zimenezi sindinalole chidule. Mafeki a masiku ano si aja a pamsika okha, ena pachithunzi sungawasiyanitse, chikomekome cha nkuyu. Mwana wanga anapita nayo kwa mmisiri wina wosagwirizana ndi wogulitsayo kuti aitsegule, aone makina, tisanalipire. Zina ndataya, ndipo ndikuzidziwa. Maginito imaopa, choncho pamwamba pa sipika ya wailesi sidzagonapo. Potchera nthawi muvi wa masekondi suima, kotero kuigwirizanitsa ndendende ndi wailesi kumafuna kuleza mtima. Masekondi 5 aja siikulonjeza. Ndalama yotsala ndaika padera, ya kutsukitsa zaka zikubwerazi ndi ya msonkho wa pa chipata, pakuti sindikufuna kuyamba ukalamba ndi kubisa katundu m'masokosi.

Wina atandifunsa, amene akufuna wotchi imodzi yokha ya paliponse, amene amasambira ku Mangochi, amene ku Joni amapita chaka ndi chaka, ndingamuuze Seamaster mosazengereza. Ine Casio yanga yachinayi ikugwirabe, ndipo ndi imene izilowa mu Mulunguzi Loweruka.

Wotchiyo ifika mu Disembala, ana akamabwera ku Khirisimasi. Dzulo ndinadzera pamsika kukawauza madala aja. Anasiya tochi imene amakonza, kupukuta manja pa thalauza, n'kunena kuti, "Tsiku limene ifike mubwere nayo m'mamawa, msika usanayambe phokoso. Ndikufuna ndiimve. Makina amenewo amagunda kasanu ndi kamodzi pa sekondi." Ndawalonjeza kuti ndidzafika 6 koloko, ndipo iwo ndidzawalola kugwira.